Kudwala si kujomba

Talandira kalata yochokera ku Nkhamanga, cha ku Bolero. Bambo amene mwatilemberawa mukuti mwagwira ntchito pa esiteti ya fodya zaka zitatu, mudagona masabata awiri ndi malungo, ndipo abwana akudulani malipiro a masiku onsewo, ati mudajomba. Pepani kwambiri bambo, zimenezi zandikhudza.

Lamulo la ntchito la 2000 likuti munthu amene wagwira miyezi 12 mosalekeza akadwala, ali ndi ufulu wopuma masabata anayi pa chaka akulandira malipiro onse, ndi masabata ena asanu ndi atatu akulandira theka. Chofunika ndi chikalata cha kuchipatala. Apa ndi pamene ambiri amagwera: amachira, n'kubwerera ku ntchito chimanjamanja. Ngati mudaonedwa kuchipatala cha ku Bolero kapena ku Rumphi, pitani mukapemphe umboni wolembedwa, mutengenso buku lanu la kuchipatala.

Ndikudziwa, nyengo yothyola ndi kusoka fodya abwana safuna kuona munthu atasowa ngakhale tsiku limodzi. Koma kutanganidwa kwa pa esiteti sikufafaniza lamulo. Ndipo tchuthi cha pachaka ndi chapadera: masiku 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Asakuphatikizireni ndi masiku odwala.

Yambani mwakambirana ndi abwana mwaulemu, chikalata chili m'manja. Akakana, kadandauleni ku ofesi ya zantchito ku Rumphi boma. Akakuchotsani ntchito chifukwa chodwala, musachedwe: dandaulo likafike pasanathe miyezi itatu. Zikakanika kumeneko, khoti la zantchito lili ku Mzuzu.