Mpweya ndi Moyo: Phunziro Lochokera kwa Nsomba ndi Mvuu

Nyama iliyonse, ya m'madzi kapena ya pamtunda, imafuna mpweya wabwino wotchedwa okosijeni. Mpweyawu umalowa m'magazi podzera pa kachikopa kopyapyala ndi konyowa, ndipo mpweya woipa umatulukira pomwepo.

Nsomba za mu mtsinje wa Bua zimamwa madzi ndi kuwatulutsira m'makha, ziwalo zofiira zija za m'mbali mwa mutu. Madzi akamadutsa, magazi amatengamo okosijeni. Nsomba ikavuulidwa, makha amamatana ndi kuuma, ndipo imafa ngakhale kuti mpweya uli ponseponse. Mlamba uli ndi chiwalo china pamwamba pa makha chopumira mpweya wakunja, n'chifukwa chake umapirira m'matope madambo a ku Kasungu akamaphwa. Mvuu za pa damu la Lifupa zimapumira m'mapapo monga munthu: zikamira, pakatha mphindi ngati 5 zimatulutsa mphuno kuti zipume.

M'mapapo a munthu muli timatumba ta mpweya mamiliyoni oposa 300, tozunguliridwa ndi timitsempha ta magazi. Timatumbati tikawonongeka ndi utsi sitimeranso. Tsono alimi a fodya ndi mabanja awo ayenera kusamala zinthu izi:

1. Posankha ndi kumanga fodya wouma, chigafa chikhale chopita mphepo, chifukwa fumbi la fodya limayambitsa chifuwa. Ana asagwire ntchitoyi.

2. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, mbaula ya makala isasiyidwe m'nyumba yotseka usiku. Makala amatulutsa mpweya waululu wopanda fungo kapena mtundu, umene umalanda malo a okosijeni m'magazi. Munthu amafa ali m'tulo.

3. Kusuta, ngakhale chingambwe cha m'munda mwake, kumabweretsa khansa ya m'mapapo ndi befu losatha. Utsiwo umapwetekanso ana okhala naye.

4. Makolo aziwerenga kapumidwe ka mwana wotsokomola. Wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, kapena wa chaka 1 mpaka zaka 5 akamapuma ka 40 kapena kuposerapo, chikhoza kukhala chibayo. Apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Munthu wotsokomola kwa masabata 2 akayezetse makhololo, chifukwa chifuwa chachikulu chimachizika ndipo mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma.