PHUNZIRO: MUDZI WA PA PHIRI LA CHIKALA

Anthu a ku Machinga, ku Liwonde ndi ku Balaka alidziwa phiri la Chikala. Koma ndi angati adziwa kuti pa phiripo panali mudzi wotchuka?

Mudziwo unali wa Mfumu Kawinga, mfumu ya Ayao. Masiku amenewo kunali nkhondo ndi malonda a akapolo, ndipo anthu a m'chigwa sanali kugona tulo. Pa phiri mlonda anali kuona adani akali patali, ndipo njira zokwerera zinali zosavuta kutchinga. Asilikali a Boma la Angerezi anayesa kulanda Chikala m'chaka cha 1891, koma analephera. Analanda mu 1895, Kawinga nathawa.

Nzeru yomanga pa phiri si ya kuno kokha. Ku Italy nakonso anthu akale anamanga pa zitunda poopa adani. Mudzi wa San Gimignano uli ndi linga ndi nsanja 14 za miyala kufikira lero, ndipo alendo ambiri amapita kukauona.

Makolo athu anamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu. Chiswe ndi moto zinatha zonse. Chotsala ndi mbiri imene ili m'mitima ya akuluakulu. Iwo akapita, nayonso idzapita.

Tsono chitani izi:

1. Funsani agogo anu za mudzi wakale, ndipo ana a sukulu alembe.
2. Mukapeza mapale kapena mphero pa bwinja, zisiyeni pomwepo, muuze amfumu.
3. Musatenthe phiri, musadule mitengo ya kumanda.