Madzi Odontha M'firiji Magetsi Akazima

Amayi anzanga, phunziro lathu la mwezi uno ndi la chinthu chimene ambiri timangochikolopa n'kuchiiwala: madzi amene amatuluka m'firiji, m'dipu friza ndi m'kula bokosi pamene ayisi wasungunuka. Kuno ku Chazanga, monganso ku Kabanana, Chipata, Matero, George ndi Kanyama, mabanja ambiri tili m'nyumba za zipinda ziwiri kapena zitatu. Firiji imakhala pabalaza, pomwe mwana amakwawa masana ndiponso pomwe agogo amadutsa usiku akamatuluka panja. Madzi akatayikira pamenepo sasowa wowaponda.

Nkhaniyi inakula chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Mu 2015 madzi atachepa m'damu la Kariba, a ZESCO ankazimitsa magetsi maola 8 pa tsiku. Vutoli linabweranso mu 2019. Koma chaka cha 2024 ndicho sitidzachiiwala msanga. Mvula inakana, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Pofika September magetsi ankatha kuzima maola 21 pa tsiku. Mafiriji ambiri anasanduka makabati, ndipo amayi ogulitsa nkhuku, nsomba, soseji ndi mafirizesi anaona mpamba wawo ukuyenderera pansi. Ngakhale magetsi atayaka bwino mwezi wathunthu, angazime tsiku lililonse chifukwa cha mphepo yamkuntho, waya woduka kapena mayunitsi otha. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwiratu chochita.

Madziwo amachokera kuti?

Mpweya umene tikupumawu uli ndi chinyezi, makamaka nthawi ya dzinja. Mukatsegula chitseko cha firiji, mpweya wofunda umalowa, n'kukakhudza khoma lozizira la m'kati, ndipo chinyezi chija chimasanduka timadontho ngati mame a m'mawa. M'friza timadonthoto timaundana n'kukhala ayisi woyera uja amene amamatirira m'mbali. Ana akamatsegulatsegula pofuna madzi ozizira, kapena mukaikamo poto wa nyemba akadali kutuluka nthunzi, ayisiyo amachuluka msanga. Tsono magetsi akazima, yenseyo amabwerera kukhala madzi.

Opanga mafiriji ambiri anawakonzera njira madziwa. Mukayang'ana m'kati, m'munsi mwa khoma lakumbuyo, mudzaona kangalande ndi kabowo kakang'ono. Madzi amalowa pamenepo, n'kutsika m'kapaipi mpaka m'kathireyi kamene kali kuseri kwa firiji, pamwamba pa injini yakuda ija. Injiniyo ikamagwira ntchito imatentha, ndipo kutenthako kumaumitsa madzi m'kathireyi, inu osadziwa n'komwe. Magetsi akazima injini imazizira, madzi sauma, pomwe ndi nthawi yomweyo imene akubwera ambiri. Kathireyi kamasefukira. Kawirikawiri firiji imakhala isanawonongeke ayi, ndipo sipafunika kuthamangira kwa wokonza.

Nthawi zina kabowo kaja kamatsekeka ndi nyenyeswa za buledi kapena katsamba ka repu. Mudzadziwa poona madzi ataima pansi pa bokosi la ndiwo zamasamba. Zulani pulagi, tokosani kabowoko pang'onopang'ono ndi kapaipi komwera zakumwa, kenaka thiranimo madzi ofunda osakaniza ndi soda pang'ono. Yang'ananinso labala wa pachitseko. Panikizani pepala ndi chitseko n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, ndiye kuti mpweya ukulowa pamenepo usana ndi usiku. Tsukani labalayo ndi madzi ofunda a sopo, ndipo ngati anang'ambika msinthitseni, pakuti akukudyeraninso mayunitsi. Firiji iime mopendekera kumbuyo pang'ono kuti chitseko chizitsekeka chokha ndi kuti madzi azilowera kukabowo, osati kukhomo.

Madzi ena si oyera

Apa ndipo pagona phunziro lathu. Madzi a m'makoma a firiji yopanda kanthu ndi chinyezi chabe. Koma madzi amene adutsa pa nkhuku, nyama kapena nsomba yaiwisi ndi ena. Nthawi zina amaoneka ofiirira, nthawi zina oyera mbee, koma angathe kukhala ndi tizilombo monga Salmonella ndi Campylobacter timene timatsegula m'mimba. Kuzizira sikupha tizilomboti. Timangogona, ndipo nyama ikafunda timadzuka n'kuyamba kuswana.

Taganizani nkhuku ili pashelefu yapamwamba m'pepala lapulasitiki la pamsika, ndipo pansi pake pali mbale ya kabichi wodula, tomato, kapena phala la mwana losavundikira. Nkhukuyo mudzaiphika mpaka kupsa, tizilombo tidzafa. Nanga kabichi wa saladi uja ndi phala lija? Zidzadyedwa momwemo. Banja likadwala timaloza chitsime kapena zakudya za pamsewu, pomwe gwero lake lili m'nyumba mwathu momwe. Lamulo lake n'losavuta: chaiwisi chikhale pansi penipeni, m'bakuli lotseka kapena m'beseni, ndipo chophika kale chikhale pamwamba, chovundikira.

Pokolopa madzi otere musatenge kansalu kopukutira mbale. Khalani ndi chikolopa chakechake. Tsukani kaye ndi sopo, kenaka pukutani ndi madzi othira Jik motsatira muyeso wolembedwa pa botolo, ndipo musasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira chifukwa zimatulutsa mpweya woipa. Mukatha sambani m'manja ndi sopo musanagwire mwana kapena mthiko. Madziwo katayeni m'chimbudzi kapena m'dzenje lotayira madzi, osati pakhomo pomwe ana amasewera fulaye.

Ayisi wogula ndi kula bokosi

Magetsi atavuta mu 2024, amene anali ndi jenereta kapena sola anayamba kugulitsa ayisi buloko, ndipo ambiri tinkagula kuti tipulumutse ndiwo. Ayisi ndi wamphamvu ndithu. Kutentha kofunika kuti kilogalamu imodzi ya ayisi isungunuke n'kofanana ndi kumene kungatenthetse lita imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 0 kufika pa 80. Kutentha konseko amakutenga ku nyama ndi mabotolo anu. Koma kumbukirani kuti buloko la makilogalamu 5 lidzakupatsani malita 5 a madzi. Musanaliike, dziwiranitu kumene malita amenewo adzapite.

Funso lina ndi lakuti, ayisiyo anaumbidwa ndi madzi otani? Inu simunaone. M'makomboni ambiri a Lusaka zitsime zosaya zili pafupi ndi zimbudzi, ndipo kumadera monga Kanyama mwala wa pansi ndi wamabowo, wolola zonyansa kuyenda ndi madzi mvula ikagwa. Tinaona kolera imene inayamba mu October 2017 ku Chipata ndi Kanyama. Inabweranso mu October 2023, ndipo pofika January 2024 National Heroes Stadium, imene siili kutali ndi ife, inasanduka chipatala. Sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka February. M'dziko lonse anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalira. Kachilombo ka kolera kangathe kukhala moyo m'ayisi kwa kanthawi. Choncho ayisi wogula ndi woziziritsira kunja kwa botolo basi. Musamuswere m'maheu, musalole ana kunyambita tizidutswa, ndipo madzi ake musatsukire tomato.

Inu amene mumapanga mafirizesi ogulitsa pasukulu ndi pamsika, nkhaniyi ikukukhudzani kawiri. Ana a eni ake amang'amba pepala ndi mano. Ngati mapepalawo anamira m'madzi a m'kula bokosi momwe munalinso nsomba, ndiye kuti mwana wamwa madziwo. Pangirani mafirizesi madzi owiritsa kapena othira klorini, mudikire mphindi 30 mutathira, ndipo zakumwa zikhale ndi bokosi lakelake. Ine ndimaona kuti ndi bwino kugulitsa zochepa zaukhondo kusiyana n'kudzaza bokosi limodzi ndi zonse. Ndipo wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, mpatseni ORS pompo n'kupita naye kukiliniki, osadikira kuti kuche.

Kodi madzi a m'kula bokosi tiziwataya kapena ayi? Ngati muli mabotolo otseka okhaokha, asiyeni, chifukwa madzi ozizirawo amagwira botolo mbali zonse ndipo amaziziritsa bwino. Ngati muli nyama, soseji kapena zamkaka, akhetseni pafupipafupi kuti chakudya chisamire. Koma njira yoposa zonse ndi yoti madziwo asatuluke n'komwe. Sungani mabotolo apulasitiki a malita 2, atsukeni, thiranimo madzi abwino akumwa, n'kuwaika m'friza nthawi imene magetsi alipo. Musadzaze mpaka kukamwa, pakuti madzi akaundana amafufuma ndi gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kucheperapo pang'ono, ndipo botolo lingang'ambike. Magetsi akazima ikani mabotolo awiri kapena atatu pashelefu yapamwamba ya firiji, popeza mpweya wozizira umatsika. Akasungunuka, madzi ali m'botolo momwemo, ndipo mumwa. Kunja kwake kumachita thukuta pang'ono lokha, limene mbale ingalandire.

Mwina mungadabwe kumva kuti vutoli ndi lakale. Mafiriji amagetsi asanafale m'zaka za m'ma 1930, mabanja a ku America ndi ku Ulaya ankasunga chakudya m'kabati yamatabwa yoikamo buloko la ayisi pamwamba. Ayisiyo ankadulidwa panyanja zoundana, ndipo mu 1833 munthu wina wamalonda wa ku Boston, Frederic Tudor, anamutumiza pa sitima mpaka ku Calcutta. Pansi pa kabatiyo pankakhala chiwaya cholandira madzi, chofunika kuchikhuthula tsiku ndi tsiku. Woiwala ankadzuka khitchini ili dziwe. Ena anatopa nazo n'kuboola pansi pa nyumba kuti kapaipi katulutse madziwo kunja. Inunso chitani chimodzimodzi: pansi pa dipu friza pali kabowo kotseka ndi kachivindikiro. Ikwezeni pa njerwa kapena matabwa olimba kuti beseni lilowe pansi pa kabowoko. Mukatero mwaitetezanso kudzimbiri, limene limayambira pansi simenti ikamakhala yonyowa.

Madzi ndi magetsi

M'nyumba zambiri soketi ndi imodzi, ndipo firiji, wailesi, TV ndi machaja zonse zili pa ekisitenshoni yogona pansi, nthawi zina ya mawaya olumikiza ndi pulasitiki. Magetsi amazima masana, madzi amayenderera mpaka pa ekisitenshoni, kenaka magetsi amabwera pakati pa usiku onse ali mtulo. M'mawa wodzuka woyamba, kawirikawiri mtsikana wosesa, amaponda pamenepo wopanda nsapato. Amayi, ichi chingaphe munthu. Pachikani ekisitenshoni pamsomali pakhoma. Magetsi akazima zimitsani pa soketi n'kuzula pulagi manja ali ouma. Akabwera dikirani mphindi 10 musanayatse firiji, pakuti nthawi zina amabwera ndi mphamvu yosakhazikika imene imawotcha injini. Mukapeza madzi afika kale pa waya, yambani mwazimitsa pa meni switchi musanakolope. Firiji imene imakulumani mukagwira chitseko musaizolowere, itanani wodziwa zamagetsi.

Simenti yopaka polishi ikanyowa imaterera ngati therere. Okalamba akagwa, fupa la m'chiuno limathyoka msanga ndipo limachedwa kulumikizana. Yalani thaulo lakale kutsogolo kwa firiji musanagone, koma m'mawa likamuleni n'kuliyanika, chifukwa likakhalitsa limaitana mphemvu ndi chuku.

Ayisi wa m'mbali akafika theka la sentimita, msungunuleni nokha pa tsiku limene mwasankha, osadikira kuti magetsi akusankhireni. Zulani pulagi, tulutsani chakudya, ikanimo poto wa madzi otentha pa kansalu, n'kudikira. Chonde musagobe ndi mpeni. Kuseri kwa khomalo kuli timapaipi ta gasi, ndipo mukaboola kamodzi kokha firiji yatha ntchito. Komanso mafiriji ambiri atsopano ali ndi gasi wa R600a amene amayaka, ndiye mbaula ndi kandulo zikhale kutali.

Nanga ndiwo zija?

Firiji yabwino imazizira pakati pa madigiri 0 ndi 5, ndipo friza imafika pa 18 kunsi kwa 0. Ikakhala yotseka, firiji imasunga chakudya pafupifupi maola 4 magetsi atazima. Friza yodzaza imapirira pafupifupi maola 48, yatheka maola 24. Choncho dzazani malo otsala ndi mabotolo a madzi aja, ndipo madzi akumwa a ana muwaike m'mtsuko kapena m'chigubu kuti asamatsegule chitseko.

Nyama imene ikadali ndi ayisi m'kati mungathe kuiumitsanso. Imene yasungunuka yonse koma ikadali yozizira kwambiri, iphikeni lero lomwe mpaka kupsa, kapena muiwambe pamoto monga ankachitira amayi athu kumudzi. Koma ikakhala yofunda kupitirira maola 2, ndi yotaya, ngakhale isakununkha. Mphuno siimva tizilombo. Ndikudziwa kuti kutaya nkhuku n'kowawa, makamaka mwezi ukakhala pakati. N'chifukwa chake nthawi ya vuto la magetsi ndi bwino kugula nyama ya tsiku limodzi kapena awiri, n'kudalira kapenta, nyemba, nsomba zouma ndi mfutso.

Ngati m'nyumba muli wodwala shuga wobaya insulin, mankhwalawo akhale m'kabakuli kotseka, osakhudzana ndi ayisi ndiponso osamira m'madzi, chifukwa insulin akaundana amatha mphamvu. Inu a Chigwirizano mukamayendera odwala ndi okalamba okhala okha, pemphani kuti muone kuseri kwa firiji yawo. Khuthulani kathireyi, tokosani kabowo, ndipo ekisitenshoni ikakhala pansi, pezani msomali muipachike musanatsanzike.