Mabatire a AA kapena a kamera: ati oyenera mu grip?

Ukwati wa ku Malawi supatsa kamera mpata wopuma. Wojambula amalawirira kumene mkwatibwi akudzikongoletsera, n'kuthamangira kutchalitchi, kenako kumadyerero, komwe pelekanipelekani amatha kufika mpaka dzuwa kulowa. N'chifukwa chake ambiri amene amadyera ntchitoyi amamangirira kachipangizo kena kunsi kwa kamera, komwe amangokatchula kuti grip.

Grip ili ndi ntchito ziwiri. Imanyamula mabatire owonjezera, ndipo ili ndi batani lake lojambulira, loti dzanja lisapindike kamera ikaimikidwa chotalika pojambula munthu thupi lonse. Ma grip ambiri a makamera a DSLR amabwera ndi timathireyi tiwiri. Mwachitsanzo BG-E14 ya Canon, yomwe imalowa pa EOS 70D, 80D ndi 90D, ili ndi kathireyi kena kolowa mabatire awiri a LP-E6, kenako kolowa mabatire 6 a AA, aja a msinkhu wa chala omwe amalowanso m'wotchi yapakhoma. Apa ndiye pamabwera funso: bwanji osangogula ma AA otchaja, omwe ndi otsika mtengo, n'kuiwala za batire lodula la kampani?

Masamu ake ndi awa. Batire la LP-E6 limatulutsa mavolti 7.2 ndipo limasunga 1800 mAh. Batire limodzi la AA lotchaja, la mtundu wa NiMH, monga Eneloop yomwe Sanyo inatulutsa mu 2005 ndipo pano ili m'manja mwa Panasonic, limatulutsa mavolti 1.2 n'kusunga pafupifupi 1900 mAh. Ena akaona manambalawa amachulukitsa 1900 kasanu n'kamodzi, n'kuganiza kuti atola chikwama. Ayi ndithu. M'kathireyi mabatirewo amalumikizana motsatizana, mutu ndi mchira, choncho chomwe chimaphatikizana ndi mavolti okha: 1.2 kuchulukitsa ndi 6 n'kupeza 7.2 yemwe uja. Ma mAh amakhalabe 1900. Ndiye kuti ma AA onse 6 aja angofanana ndi LP-E6 imodzi, pamene kathireyi kanzake kamanyamula ziwiri.

Sikelo nayo sikometsa nkhani. Eneloop imodzi imalemera magalamu pafupifupi 26, ndiye 6 zimayandikira magalamu 160. LP-E6 imodzi ndi magalamu pafupifupi 80, ziwiri ndi 160 yomweyo. Khosi la wojambula limasenza katundu wofanana, koma wa AA wanyamula theka la moto.

Palinso nkhani yodziwa moto umene watsala. Batire la kampani lili ndi kachipangizo kamene kamalankhulana ndi kamera, moti pagalasi pamaoneka kuti kwatsala maperesenti angati. Ma AA alibe zimenezo. Komanso NiMH imasunga mavolti ake mofanana kwa nthawi yaitali kenako n'kugwa mwadzidzidzi, moti chizindikiro chimatha kuonetsa ngati zinthu zili bwino, kamera n'kuzima akwati akudula keke. Eni makamera a Nikon azikumbukira kuuza kamera, pa menyu, mtundu wa AA umene alowetsa. Popanda kutero chizindikirocho chimanama.

Nanga tchaja? Ya Canon imadzaza LP-E6 pa maola awiri ndi theka. Matchaja ambiri a AA amalowa mabatire anayi okha, ndiye 6 amafuna maulendo awiri. Usiku woti magetsi akungozimazima, ulendo wachiwiriwo sukhala wotsimikizika.

Komabe kathireyi ka AA si kotaya. Fulashi yapamwamba pa kamera, monga 430EX ya Canon, imadya ma AA anayi, choncho wojambula amakhala nawo kale m'chikwama ndipo akhoza kuwabwereka zikavuta. Ukwati ukakhala kumudzi kopanda magetsi, LP-E6 sangaipeze pa golosale iliyonse, koma AA amapezeka pafupifupi pamsika uliwonse. Pogula asankhe olembedwa kuti alkaline. Aja otchipa a m'wailesi ndi m'tochi sapirira njala ya kamera, amagwada asanapite patali.

Pali makamera ena amene ma AA amawapatsadi liwiro. Nikon D300, yomwe inatuluka mu 2007, imajambula zithunzi 6 pa sekondi ndi batire lake la EN-EL3e, koma ikamangiriridwa grip ya MB-D10 yodzaza ma AA 8 imafika zithunzi 8 pa sekondi. D700 imachoka pa 5 kufikanso pa 8. Kwa wojambula mpira amene akugwiritsabe makamera akalewa, phindu lake n'looneka, chifukwa njira ina yopezera liwirolo ndi batire lalikulu la EN-EL4a lomwe limafuna tchaja yakeyake.

Ogula makamera atsopano ayang'anitsitse asanalipire. Ma grip monga BG-E20 ya 5D Mark IV ndi BG-R10 ya EOS R5 ndi R6 alibiretu kathireyi ka AA.

Amene wasankha kusunga ma AA otchaja awagule nthawi imodzi, a mtundu umodzi, awalembe chizindikiro ndi cholembera, ndipo azitchajidwa ndi kugwira ntchito limodzi. Poti ndi olumikizana motsatizana, limodzi lofooka limagwetsa onse, ndipo likhoza kuwonongekeratu anzake akamalikankha litatha kale. Asasakanize atsopano ndi akale, kapena otchaja ndi alkaline. Alkaline asagone mu grip ntchito ikatha, chifukwa akakhalitsa amachucha n'kudya tizitsulo tolumikizira.

Pa ukwati wa tsiku lonse, mu grip mulowe mabatire awiri a kamera. Kathireyi ka AA kakhale m'chikwama, kodzaza kale, pafupi ndi mabatire a fulashi.