Ntchito ya shock absorber pa misewu yathu yafumbi

Galimoto ikagwera m'chigwembe, chimene chimalandira mphamvu ya kugundako ndi sipuling'i. Koma sipuling'i payokha siidziwa kuleka: imangonjanjabe, tayala n'kumanyamuka pansi. Apa ndiye pagona ntchito ya shock absorber. M'kati mwake muli oyilo amene amakanikizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, motero kunjanjako kumazirala msanga.

Ambiri amayesa kuti chipangizochi n'chongofewetsa ulendo. Ayi ndithu. Tayala limene lili m'malere silimvera buleki ngakhale chiwongolero, makamaka pa msewu wokumbika ndi mvula, galimoto itasenza matumba a chimanga ndi anthu pamwamba.

Inu eni galimoto, kanikizani ngodya imodzi ya galimoto yanu mwamphamvu, kenaka muisiye. Ikapitiriza kunjanja, kapena mukaona oyilo akuchucha pa shock absorber, pitani kwa makaniko musananyamule anthu.