Mphunzitsi Wobwera Masana: Udindo Wake ndi Ubale Wake ndi Anzake

Ambiri a inu mukadzatsiriza maphunziro mudzapemphedwa kuphunzitsa maola owerengeka pa sukulu imene si yanu, makamaka m'makalasi a masana otchedwa Open. Ntchito yotere si yachilendo m'dziko muno. Boma litakhazikitsa Malawi Correspondence College m'chaka cha 1965, ana osowa malo ku sekondale ankaphunzira ndi mabuku otumizidwa ndiponso pa wailesi, ndipo ambiri mwa owayang'anira kumidzi anali aphunzitsi a pulayimale. M'chaka cha 1998 malo ophunziriramo amenewa anasanduka sukulu za Community Day, ndipo ena mwa aphunzitsiwo anakawonjezera maphunziro awo ku koleji ya Domasi kuno ku Zomba, imene inatsegulidwa mu 1993.

Vuto la mphunzitsi wa maola ochepa ndi lakuti amafika anzake akuweruka. Motero sadziwa pamene mnzake analekezera, ndipo mutu wina umaphunzitsidwa kawiri pamene wina osakhudzidwa konse. Wovutika ndi mwana. Mtsikana wa ku Zakazaka amene makolo ake anagulitsa chimanga kuti amlipirire sukulu adzalemba mayeso a MSCE omwewo amene anzake a m'mawa adzalemba, ndipo wochonga ku MANEB sadzafunsa kuti mwanayu ankaphunzira nthawi yanji.

Tsono kumbukirani zinthu zitatu. Choyamba, musanalowe m'kalasi kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu, mumvane za maola, malipiro ndi munthu amene muzikapereka kwa iye madandaulo. Chachiwiri, pemphani ndondomeko ya ntchito ya teremu kwa mkulu wa phunzirolo, ndipo tsiku lililonse lembani zimene mwaphunzitsa m'buku limene anzanu angathe kuliwerenga. Chachitatu, musachoke ndi makope a ana kapena zotsatira za mayeso. Zimenezi ndi za sukulu.

Nawonso aphunzitsi okhazikika ali ndi mbali yawo. Amuitane mnzawoyo ku misonkhano, ampatse choko ndi mabuku, ndi kumvera maganizo ake, pakuti akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Mafunso okambirana

1. Kodi mungachite chiyani mutapeza kuti kalasi la masana latsalira ndi mitu itatu?
2. Lembani zinthu zisanu zoyenera kulowa m'buku losiyirana ntchito.