Phunziro: Chithokomiro pa Ana Amene Akutha Msinkhu

Makolo, pambuyo pa chilala monga cha 2024, yang'anitsitsani makosi a ana anu, makamaka atsikana.

Chithokomiro ndi kutupa kwa kachiwalo kamene kali kutsogolo kwa khosi. Si ufiti ayi. Kachiwaloka kamafuna ayodini, ndipo mwana akamatha msinkhu kamafuna wochulukirapo. Ayodini akachepa, kamakula kuti kakwanitse ntchito yake. Ndicho chifukwa chake magazi angapezeke ali bwino pamene khosi lili lotupa.

M'njala anthu amafulumira kudya chinangwa chowawa chisanaviikidwe mokwanira. Ululu wake umalepheretsa kachiwaloka kulandira ayodini.

Zoyenera kuchita:

1. Gulani mchere wa m'paketi wothira ayodini. Usungeni m'chitini chovundikira.
2. Sendani chinangwa, muchiviike m'madzi masiku osachepera 3, kenaka muchiyanike.
3. Musateme mphini pa chotupacho.
4. Mukaona kambulu kolimba kokula msanga, mawu osasa, kapena mwana akuvutika kumeza, pitani naye ku chipatala cha St Luke's ku Mpanshya, ngakhale magazi anapezeka abwino. Dokotala angamutumize ku UTH ku Lusaka kukaunikidwa, pakuti timibulu tina timakhala khansa, imene imachizika akaipeza msanga.

Funso lokambirana: Kodi mchere wa m'nyumba mwanu uli ndi ayodini?